Tsiku Limene Ndinasenza Laputopu Kupita Kumaliro

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, ndipo mpaka lero salola kuti ndiiwale zimenezi. Nditamaliza sekondale ndinakaphunzira kompyuta ku Limbe, kenako ndinabwerera kwathu ku Milepa, satifiketi n'kuiika pansi pa sutikesi. Zala zomwe ndinkanyadira kuti n'zotayipa zinkangothyola nandolo. Lamlungu lina misa itatha analengeza kuti kabungwe kena ka ku Njuli kothandiza anthu a ulumali kakufuna mtsikana wodziwa kompyuta. Ine ndinali nditatuluka kale, ndikuseka ndi anzanga panja. Anamva ndi azakhali, ndipo m'mawa mwake anandikweza kabaza osandifunsa n'komwe ngati ndikufuna.

Ofesiyo inali zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Mkulu wake anali Mayi Makwinja, namwino wopuma pantchito, aafupi, a magalasi omangirira chingwe m'khosi. Anandipatsa ndime yoti nditayipe, iwo akuyang'ana zala zanga osati nkhope. Nditamaliza anati, "Kutayipa ndaona umatha. Nanga pakamwa pakopo pali chitseko?" Ndinati chilipo. "Tiona ngati chimatsekeka," anatero, ndipo ntchito ndinayamba tsiku lomwelo.

Kabungweko kankapezera anthu ndodo zoyendera, mipando ya matayala ndi miyendo yochita kupanga. Miyendoyo inkapangidwa kunja kwa dziko, ndi anzathu ena omwe anali ndi makina ake. Kuno katswiri wa kuchipatala ankabwera kudzayeza mwendo wodulidwawo ndi tepi, timaujambula ndi foni mbali zonse, ine n'kulemba miyezoyo mu imelo n'kutumiza. Akunjawo ankapanga miyendo yonse pamodzi n'kuitumiza m'bokosi limodzi lalikulu, kamodzi pachaka. Munthu akaphonya tsiku lawo lotsekera, ankadikira chaka chinacho.

Anali ndi lamulo limodzi losapindika, lakuti imelo yopanda siginecha sailandira. Poyamba ndinkayesa akunena siginecha ya cholembera, ndipo ndinafunsa ngati tizichita kujambula pepala lomwe Mayi asainapo. Mayi anaseka mpaka kuvula magalasi. Siginecha imeneyi ndi chidindo chimene kompyuta imamata pa imelo pogwiritsa ntchito kiyi, kafayilo kosungidwa m'laputopu ya ofesi. Wolandira akatsegula imeloyo, kompyuta yake imamutsimikizira kuti yachokeradi kwa mwini kiyi, komanso kuti palibe amene wasintha ngakhale nambala imodzi panjira. Pa nkhani ya miyendo zimenezi si zachibwana. Nambala ikasokonekera, munthu amalandira mwendo womuchititsa zilonda.

Kiyiyo nayo inali yokhoma. Ukalemba imelo, n'kuchonga pamalo pa siginecha, n'kudina potumizira, pankatuluka kabokosi kofunsa mawu achinsinsi. Mayi ankadana n'zowatchula pasiwedi. "Pasiwedi ndi ya pafoni yakoyo, dzina la chibwenzi ndi chaka chobadwa. Awa ndi mawu ataliatali, chiganizo chathunthu, ndipo ali m'mutu mwanga mokha." Kabokosiko kakatuluka ndinkadzuka pampando, iwo n'kukhalapo, ine n'kutembenukira kuzenera kumaonerera maminibasi. Ndinkangomva mabatani akulira mofulumira kumbuyo kwanga. Pa sikirini sipankaoneka zilembo, koma timadontho takuda tondondozana. Tsiku lina nditatembenuka msanga anandiuza mosakalipa kuti, "Mawu amenewa sanenedwa pafoni, salembedwa papepala, sanong'onezedwa. Ngakhale nditakupempha ndine, ukane."

Chomwe chinkatipeputsira ntchito n'chakuti kompyuta inkawasunga mawuwo ikangowalandira. Mayi akalowetsa m'mawa, maimelo onse a tsikulo ankasainidwa popanda kufunsanso, bola laputopu isazime. Ikazima inkaiwala zonse. Tsono batire la laputopu imeneyo linali lotheratu. Pamagetsi inkagwira bwinobwino, koma ukangoizula inkakhala kanthawi kochepa n'kugona. Ine ndinkaitchula kuti wodwala wa padiripi, Mayi n'kumandiuza kuti ndisanyoze wondidyetsa.

Mwa anthu omwe tinkawathandiza chaka chimenecho munali a Muhiwa, bambo a ana anayi, omwe ankachita kabaza wa njinga yopalasa pa Njuli pomwepo. Galimoto inawagunda pamsewu waukulu, ndipo mwendo wawo wamanzere unadulidwa m'munsi mwa bondo. Pakhomo pawo zinthu zinavuta kwambiri, akazi awo ndiwo ankayenda m'maganyu. Chaka chapitacho anaphonya bokosi chifukwa bala linali lisanapole. Ulendo uno bala linapola, koma akunjawo anati miyezo yoyamba yakhalitsa, mwendo wodulidwa umaphwa pakapita miyezi, tiyezenso. Katswiri uja anali ndi odwala ake ambiri, choncho ankangoti mawa, mawa, mpaka anapeza mpata pa tsiku lotsekera lenilenilo.

M'mawa wa tsiku limenelo, tisanamwe ndi tiyi yemwe, foni ya Mayi inalira. Anamvetsera, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono. Amayi awo owabereka anali atamwalira kumudzi kwawo, kupitirira Nguludi. Misozi ikutsika chomwecho anakumbukirabe a Muhiwa. Anandiuza kuti ndilembe kaimelo kena kalikonse n'kukasaina. Kabokosi katatuluka analowetsa mawu aja. "Isazime. Akayeza, ulembe, utumize. Wamva?" Anatenga chitenje chawo n'kunyamuka.

Katswiri anafika dzuwa lili pamutu. Kuyezako kunkachitikira m'chipinda chinacho, ine ndikugwira tepi ndi kujambula, a Muhiwa akuseka kuti lero mwendo wawo watchuka ngati woimba. Zinatenga nthawi chifukwa katswiriyo ankabwereza muyezo uliwonse. Masana magetsi akathima munthu suona. Nditatuluka ndi miyezo m'manja ndinadabwa kuti wailesi ya m'sitolo yakutsogolo, yomwe sinkapuma, yangoti zii. Ndinayang'ana patebulo. Sikirini inali bii.

Ndinanyamula laputopu n'kuthamangira kwa wometa tsitsi wa patsidya pa msewu, yemwe anali ndi sola. Ndinailumikiza, inayaka, ndinalemba imelo, ndinaika zithunzi, ndinaonanso nambala iliyonse, ndinachonga pa siginecha n'kudina. Mumtima ndinkapemphera kuti mwina lero iiwale kuiwala. Kabokosi kanatuluka. Ndinakayang'ana, nako kanandiyang'ana. Ndinaimbira Mayi, foni yawo inali yothima. Ndinaganiza zotumiza yosasaina, n'kulembamo mawu opepesa ndi kufotokoza za maliro, koma ndinkadziwa kuti imelo yotere makina awo amaibweza isanafike n'komwe pamaso pa munthu. Apa ndiye ndinagwira njakata.

A Muhiwa anali atawoloka msewu ndi ndodo zawo, atakhala pabenchi panja pa wometayo. "Yapita, achemwali?" Ndinawauza zoona zokhazokha. Anayang'ana pansi, kenako anati, "Basi, amenewo ndi maliro. Sitingawavutitse mayi aja. Ndadikira kale, ndidikiranso." Akanakalipa bwenzi zili bwinoko. Koma ananena mofatsa, ngati munthu wozolowera kubwezedwa, ndipo zinandipweteka mumtima kwambiri. Ndinati ndipita komweko.

Wometa uja anasiya mutu wa munthu pakati. "Asisi, mupite ndi kompyuta kumaliro? Akakuthamangitsani ndi zikuni." Sankanama. Kwathu kuno munthu sulowa pamaliro ndi nkhani za ntchito, ndipo ine ndinali mu siketi ya ofesi, wopanda ndi chitenje chomwe. Amene anandipulumutsa ndi akazi a mwini sitolo ya zitsulo. Anandimanga chitenje chawo m'chiuno, anandipatsa duku, kenako anatenga dengu, n'kuyalamo nsanza, n'kuikamo laputopu, pamwamba n'kuphimba ndi nsalu yomanga mfundo. "Chikwama cha ofesi chisiye. Usenze ili, uoneke ngati munthu."

Ndisanaiike m'dengumo ndinachita zinthu ziwiri. Ndinaisiya pasola kuti batire limweko kangachepe komwe likanatha. Ndinakonzanso imeloyo kuti ndikadina isayese kupita nthawi yomweyo, koma isainidwe n'kukhala m'bokosi la zodikira kutumizidwa, chifukwa netiweki ya kumudziko sindinkaidziwa. Kusaina sikufuna netiweki, kumangofuna kiyi ndi mawu ake. Ndinatseka chivundikiro osaizimitsa, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto, dengu pamiyendo. Njira yonse ndinkamuuza mnyamata woyendetsayo kuti athamange, akathamanga n'kumamuuzanso kuti achepetse, mpaka anandifunsa ngati ndanyamula mazira.

Ndinatsikira patali, n'kusenza dengu pamutu. Abambo anali atakhala m'mithunzi, nyimbo zikumveka kuchokera m'siwa, nyumba yomwe munali thupi ndi anamfedwa. Ndinawerama podutsa, palibe anandiyang'ana kawiri. Ndinayamba kudzitama mumtima kuti nzeru yayenda. Sindinaganize kuti mkazi wosenza dengu pamaliro ali ndi komwe amayenera kupita nalo. Ndisanafike pakhomo, mayi wina wathupi, amene anzake ankawaitana kuti Anambewe, ananditsitsa dengu pamutu mwaulemu wonse. "Zikomo mwana wathu, wachita bwino. Ufa tikuunjika uku." Anatembenuka nalo kulunjika kophikira.

Ndinaligwira m'mphepete. Iwo kukoka, ine kukoka. "Iii, iwe, wabweretsa kapena wadzangotionetsa?" anafunsa mokweza, amayi ena n'kutembenuka. Manyazi anandigwira, ndinasiya. Dengu linakatera pakati pa madengu ena, pafupi ndi migolo ya madzi, ndipo mtsikana wina anayamba kumasula mfundo kuti akhuthulire m'thumba lalikulu. Ndinagwada pamapazi pa Anambewe n'kuwapempha kuti andibwereke khutu. Ndinawauza zonse mothamanga, za mwendo, za magetsi, za tsiku lotsekera. Anamukankha mtsikana uja, anasuzumira m'dengumo, n'kuphimbanso msangamsanga. "Ufa wa masiku ano," anatero chapansipansi.

Anambewe anandiyang'ana, ine ndikudikira kukalipiridwa. "Namfedwa satulutsidwa m'siwa chifukwa cha ntchito. Anthu ati chiyani? Ati amayi ake ali gone, iye ali pa kompyuta." Anapumira m'mwamba. "Koma kubafa amapita, ndipo sapita yekha, amaperekezedwa. Tenga ufa wakowo ukadikire kumeneko."

Bafalo linali la udzu, kuseri kwa siwa. Ndinavundikira ndowa pamiyala yonyowa n'kuikapo laputopu, osaitsegula. Kuseri kwa udzuwo amayi ankatsuka mbale, ndinkamva chilichonse chomwe ankanena. Patapita nthawi yomwe kwa ine inali ngati chaka, Mayi analowa atagwiridwa mkono ndi Anambewe. Anali opanda nsapato, maso otupa, mawu atasasa ndi kulira. Magalasi analibe. Atandiona sanadabwe n'komwe.

"Yazima?"

"Yazima, Mayi. Magetsi."

"A Muhiwa?"

"Ndawasiya pabenchi."

Ananjuta kutsogolo kwa ndowa. Ndinatsegula chivundikiro, chizindikiro cha batire chinali chitafiira kale. Ndinadina, kabokosi kanatuluka. Anambewe anaima pakhomo atatambasula chitenje, ine ndinatembenukira kuudzu. Mabatani anayamba kulira, koma osati monga mwa masiku onse. Ankalira limodzi, n'kuima, n'kulira lina. "Yakana," anatero Mayi. Anayambanso, mochedwa kuposa poyamba. "Yakananso." Kabokosi kameneko kamalola katatu, kenako kamatseka n'kufuna kuti uyambirenso, ndipo batire limenelo silikanatidikira.

"Esinati," ananditchula dzina. "M'mutu mwangamu mulibe kanthu, ndipo zilembozi sindikuziona. Bwera ndikunong'oneze, ulembe ndiwe."

Kunena zoona ndinafuna. Zikanatenga kamphindi, ine maso anga anali abwinobwino. Koma mbale zinkalira kuseri kwa udzu pafupi ndi khutu langa, ndipo ndinkadziwa kuti mawu ukawamva sungawabweze. Kuyambira tsiku limenelo chidindo cha Mayi chikanakhala cha anthu awiri, ndipo imelo iliyonse ikanakhala yokayikitsa, ngakhale kwa iwo eni. Ndinayankha ndikuyang'anabe udzu, "Ayi, Mayi. Munati ngakhale mutandipempha ndinu, ndikane."

Ndinaganiza kuti ntchito yanga yathera m'bafa la eni ake. Ndiye ndinapitiriza, poti zinali zitaipa kale. "Tsinzinani, Mayi. Musawaganize mawuwo. Zala zanu zimawalemba m'mawa uliwonse osayang'ana, zisiyeni zipite zokha."

Ndinamva akupuma mozama. M'siwa anayambitsa nyimbo ina. Kenako mabatani analira mofulumira, mosadukiza, ndendende mmene ndinkawamvera ndili pazenera la ofesi. Batani lomaliza linalira mwamphamvu. "Kachoka," anatero. Ndinatembenuka. Kabokosi kanali katachokadi, koma ndisanaone china chilichonse sikirini inathima.

"Yatheka?" anafunsa Anambewe ali pakhomo.

"Sindikudziwa, amayi."

"Thamanga," anatero Mayi. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti chifikireni sindinapepese maliro. Ndinagwada pamiyala yonyowayo n'kunena kuti pepani, misozi n'kuyamba kutuluka yokha. Anandigwira mutu ndi manja onse awiri. Anambewe anandisenzetsa dengu n'kundiuza kuti, "Mawa ubwere kudzaika, ndipo ubwere ndi ufa weniweni."

Ulendo wobwerera sindiukumbukira bwino, ndimangokumbukira fumbi ndi dzuwa likupendeka. Magetsi anali asanayakebe. A Muhiwa anali pabenchi pomwe paja. Ndinalumikiza laputopu kusola, inatenga nthawi yake yonse kuti iyake, ngati ikuchita dala. Ndinatsegula bokosi la zodikira kutumizidwa mtima uli m'mwamba. Munali imelo imodzi. Ndinaitsegula, ndipo pakona pake panali kachizindikiro ka chidindo. Ndinalumikiza intaneti ya pafoni yanga n'kudina. Zithunzi zinkakwera pang'onopang'ono, wometa ndi makasitomala ake onse atandizungulira, wina mutu wometedwa theka. Kenako bokosilo linakhala lopanda kanthu.

Yankho linabwera ofesi ya akunjawo isanatseke. Linali lalifupi, lakuti siginecha yatsimikizika, miyezo yalandiridwa, mwendo wa a Muhiwa udzakhala m'bokosi la chaka chino. Ndinangokhala pansi pa tsitsi la anthu, osasamala chitenje cha eni ake. Mtima unakhala pansi mwa mtundu womwe sindinaumvepo. Nditawawerengera a Muhiwa anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope, mapewa akugwedezeka. Wometa anati tonse tituluke, tikumulowetsera maliro m'shopu.

Mawa lake ndinapita kukaika maliro, ndi ufa weniweni. Mayi atabwerera kuntchito sanatchule za m'bafa, ndipo ine sindinayambitse. Anangolembera akunja aja kuti ofesi yathu ikhala ndi osaina awiri. Tinapanga kiyi ina m'dzina langa, akunjawo anailandira, ndipo ndinasankha mawu angaanga omwe Mayi sawadziwa mpaka lero. Batire tinagula latsopano. "Mutu umodzi susenza denga," anatero tikumaliza. "Ndinkawauza odwala zimenezi zaka zonse, ine osazimva."

Ndagwira ntchito m'maofesi ena kuchokera pamenepo, ndipo kulikonse ndimapeza anthu atamata mawu achinsinsi pansi pa kiyibodi kapena akuuzana pafoni mokweza. Ndimawauza zomwe ndinaphunzira ku Njuli. Mawu ako ndi ako, usauze munthu ngakhale pa tsiku loipa. Uziwalemba wekha kawirikawiri kuti zala ziwadziwe, osangodalira kuti kompyuta yakusungira, chifukwa tsiku limene udzawafune kwambiri mutu sudzakhala ukugwira. Ndipo ntchito yomwe anthu akuidikira isakhale m'mutu mwa munthu mmodzi, aliyense akhale ndi kiyi yake, chifukwa maliro sapangana ndi munthu.

Bokosi linafika mvula itayamba. A Muhiwa anavekedwa mwendo wawo n'kuyamba kuphunzira kuyenda ngati mwana, kugwa, kudzuka, kutukwana pang'ono, kuyambanso. Kenako anasowa kwa miyezi, ndipo ndinayamba kuda nkhawa kuti mwina ukuwapweteka. M'mawa wina ndikutsika minibasi pa Njuli ndinamva belu la njinga kumbuyo kwanga. Anali iwo, atakhala pachishalo, buluku atalipinda mbali imodzi kuti aliyense aone.

"Kwerani, achemwali, mwachedwa kuntchito."

Ndinayang'ana mwendowo, ndinayang'ana chitunda chopita ku ofesi, n'kuzengereza.

"Musaope," anatero. "Mwendo uwu ndi wosainidwa."

Ndinakwera, ndipo chitunda chonsecho sanatsike.